Pakhonde pa Azakhali: Wagwetsetsa quarterback ndani?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu ndipo banja lathu lili kuno ku America, m'chigawo cha Missouri. Mwana wathu wachisamba ali ndi zaka 16. Kusukulu kwawo anamutenga mu timu ya mpira wa kunowu, uja amavala zisoti n'kumagundana. Akuti malo ake ndi left tackle. Ine ndimapita Lachisanu lililonse madzulo kukaonerera, koma chiyambire sindinamuonepo atagwira mpira. Amangowerama, kukankhana ndi mwana wa eni, kudzuka, kuweramanso.

Vuto lili pa bambo ake. Iwo ankafuna kuti mwanayu azimwetsa zigoli pa mpira wamiyendo monga ankachitira iwo kumudzi. Poti mwana anakana, bambo asanduka kochi wa masewera omwe awadziwira kuukulu. Pa masewero apitawa, mnyamata woponya mpira, yemwe amati quarterback, anagwetsedwa kanayi, ndipo katatu womugwetsayo anadzera mbali ya mwana wathu. Bambo anajambula zonse pafoni. Chibwerereni m'nyumba muno mulibe mtendere. Tikakhala pa nsima foni ili pambali pa mbale, amaimitsa vidiyo n'kuloza ndi chala cha nsima chomwecho: "Taona apa! Munthu akukudutsa iwe uli chilili!" Mwana akati afotokoze kuti munthuyo sanali wake, bambo amati akuyankha mwano. Pano wayamba kudyera kuchipinda, ndipo dzana anandinong'oneza kuti akufuna kusiya.

China, Azakhali, mwanayu amadya. Ufa kuno timagula modula, koma iye mitanda inayi amati wangolawa.

Kodi wolakwa ndani? Ndimulole asiye? Nanga bambowa ndiwatani?

Ine wothedwa nzeru,
Missouri

Mwana wanga wothedwa nzeru,

Uyambe wandiperekera moni kwa mkamwini wangayo, uwauze kuti azakhali amva zoti apeza ntchito ya ukochi yopanda malipiro ndipo ofesi yake ili patebulo lodyera. Uwafunsenso kuti zigoli ankamwetsa kumudzizo anaziona ndani. Mwamuna aliyense amene anakwera ndege amati kwawo anali katswiri womwetsa zigoli. Wovomera kuti ankakhala panja kusunga nsapato za anzake sapezeka, ngati kuti nsapatozo zinkadzisunga zokha.

Usadabwe kuti nkhalamba ine ndikulowerera nkhani ya zisoti. Ndinakhalako kumeneko kolera adzukulu, ndipo nyengo yachisanu ikafika, kunja kutayera mbuu, munthu umaonera chilichonse chomwe eni nyumba atsegula pa TV. Iwo ankatsata mpira. Ine maso anga anakodwa pa zimphona zisanu zomwe palibe amaziombera m'manja, ndipo ndinafunsa mafunso mpaka eni nyumba anayamba kundithawa.

Za kusagwira mpirazo usataye nazo tulo. Pa anyamata 11 amene amalowa m'bwalo timu ikakhala ndi mpira, asanu ntchito yawo ndi kutchinga basi. Pakati pamaima center, amene amapatsira quarterback mpira kudzera pakati pa miyendo. M'mbali mwake muli ma guard awiri, ndipo kunsonga kuli ma tackle awiri. Onse pamodzi amatchedwa offensive line, amavala manambala a pakati pa 50 ndi 79, ndipo lamulo siliwalola kuwakha mpira woponyedwa kutsogolo. Tsiku lomwe udzaone mwana wako akuthamanga mpira uli m'manja, udzadziwe kuti penapake zinthu zatayika.

Komanso malo amuikawo si ongomuchitira chifundo ayi. Quarterback wa dzanja lamanja akamakonzeka kuponya amafulatira kumanzere, choncho mdani wodzera kumeneko samuona. Msana wake amausiya m'manja mwa left tackle. Pa 18 November 1985, Lawrence Taylor wa New York Giants anagwera Joe Theismann wa timu ya Washington n'kumuthyola mwendo dziko lonse likuonera, ndipo Theismann sanasewerenso mpaka lero. Kuyambira zaka za Taylor zimenezo, matimu anayamba kusakasaka anthu ataliatali, olemera koma opepuka miyendo, oti aziima kumanzereko, ndipo mtengo wawo unakwera. Mu 2021, Trent Williams anasaina ndi San Francisco 49ers mgwirizano wa zaka 6 wa madola 138 miliyoni, pa ntchito yomweyi ya kuwerama ndi kukankhana ndi mwana wa eni. Mkamwini akamva nambala imeneyi asayambe kumanga nyumba ku Area 43 m'maganizo. Ofika kumeneko ndi owerengeka. Ndangofuna adziwe kuti kochi sapereka malo amenewa kwa mwana waulesi.

Tsopano tiye ku mlandu. Mboni ya mkamwini ndi foni, ndipo mboni imeneyi ili ndi diso limodzi. Munthu wojambula ali m'masitandi amatsata mpira, ndiye chomwe amagwira ndi mathero a nkhani: quarterback ali pansi, mdani akuvina, ndipo mnyamata wonenepa waima chapafupi manja ali m'chiuno. Chiyambi chake sachiona. N'chifukwa chake makochi akamaunika kutchinga amafuna chithunzi chojambulidwa kumbuyo kwa osewera, choonetsa asanu onse ndi mipata ya pakati pawo, ndipo amayamba kuyang'ana mpira usanagwedezeke n'komwe. Sukulu zambiri kumeneko zimaika mavidiyo otere pa Hudl, ndipo osewera amakhala nawo pamafoni awo. Umboni weniweni uli kuchipinda komwe mwana akudyerako.

Mpira usanayende, center amayang'ana adani n'kuloza mmodzi mwa oima kumbuyo pang'ono, amene amati linebacker, uku akufuula nambala yake. Kulozako n'kuwerenga. Akuuza anzake poyambira kuwerengetsa kuti aliyense adziwe munthu wake. Njira zogawanira ntchito zilipo zingapo. Ina ndi yoti aliyense agwire yemwe wayang'anizana naye. Ina, yomwe amati slide, ndi yoti mzere wonse, kapena gawo lake, usunthire limodzi mbali imodzi, aliyense n'kutseka mpata wa mbali imeneyo kaya mubwera ndani. Matimu a kusekondale amaikonda njirayi poti sivuta kuphunzitsa. Tsono tchera khutu apa. Kochi akaitana slide ya kumanja ya mzere wonse, left tackle amayenera kuponda kumanja, kulowera mkati, kukatseka mpata wa pakati pa iye ndi guard. Mdani amene waima kunja kwake amamusiya dala. Ameneyo ndi wa running back, mnyamata amene amaima pafupi ndi quarterback, kapena wa tight end, woima kunja kwa tackle, ngati alipo mbali imeneyo. Running back akachedwa, akachita mantha, kapena akathamangira kukawakha mpira ataiwala kuti kukubwera mlendo, mdaniyo amadutsa osakhudzidwa n'komwe, m'mphepete mwenimweni mwa mwana wako. Pafoni ya mkamwini zimaoneka ngati mwana wagona chiimire, chikhalirecho wachita ndendende zomwe anauzidwa.

Ndiye mawu aja akuti munthuyo sanali wanga, amene kwanuko asanduka mwano, akuyankha funso loyamba lomwe kochi aliyense amafunsa akatsegula vidiyo: anali wa yani? Mwanayo akanati achite zofuna bambo ake, kusiya mpata wake n'kuthamangira wakunjayo, akanatsegula njira ya mkati, yomwe ndi yachidule kwambiri yofikira quarterback. Mapanga awiri avumbwitsa.

Nthawi zina masamu amangokana. Adani akhoza kutumiza anthu 6 kapena 7 nthawi imodzi, zomwe amati blitz, pamene otsala kutchinga ndi asanu okha. Zikatero wotsalayo ndi wa quarterback mwini wake. Amayenera kumuona msanga n'kuponyera mnzake amene ali pafupi, pamalo pomwe mdaniyo wachoka. Akapanda kumuona amadzuka udzu uli pachisoti, ndipo makolo m'masitandi amatembenukira mwana wa munthu wina.

Palinso kachinyengo kamene kamapusitsa ngakhale akuluakulu a mu ligi ya NFL. Adani awiri oyandikana amasinthana njira. Wakunja amadumphira mkati kukagunda guard, wamkati n'kuzungulira kumbuyo kwake kutulukira kunja. Kapena wamkati ndiye amayamba, kukagunda tackle m'nthiti, wakunja n'kukhotera mkati. Amati twist kapena stunt. Mankhwala ake ndi oti guard ndi tackle apatsirane anthuwo, aliyense alandire amene wafika kwa iye. Zili ngati kusinja awiri mumtondo umodzi: wina akamatsitsa munsi mnzake azikweza, ndipo mukangosemphana kamodzi minsi iombana, mphale ili pansi. Guard akakakamira munthu wake osamutaya, kapena akatsalira kutsogolo pamene tackle wabwerera m'mbuyo, pakati pawo pamatseguka njira. Wochedwa akhoza kukhala guard, koma wogwa chagada pavidiyo n'kukhala tackle, poti wagundidwa m'nthiti maso ali kwina.

Kenako pali wotchi. Palibe munthu, ngakhale wa makilogalamu 140, amene angatchinge mnzake wothamanga mpaka kalekale, makamaka poti iye akubwerera chafutambuyo pamene mdani akubwera chamaso. Makochi ambiri amafuna mpira utachoka m'manja pakatha masekondi awiri ndi theka kapena atatu. Quarterback akagwa nthawi imeneyi isanakwane, yang'ana otchinga. Akagwa pa sekondi yachinayi kapena yachisanu ali chigwirire mpira, funsa iyeyo, kapena owakha amene alephera kuzemba alonda awo. Ndipo uonenso pomwe waima. Tackle amaphunzitsidwa kukankhira mdani kunja kuti azungulire kumbuyo, adutse patali. Kuti zimenezi zitheke, quarterback akabwerera m'mbuyo amayenera kupondanso kutsogolo, kulowa m'kampata kamene anzake amusungira. Akapitirira kubwerera, mayadi 10 n'kuposa, amakadzipereka yekha pa njira yomwe tackle wakankhirako mdani. Tackle alibe maso kunkhongo. Iye amatchinga malo amene anagwirizana, osati kulikonse komwe mnzake wasochera.

Kuti mkamwini asati azakhali akuikira kumbuyo mdzukulu wawo, titenge za akuluakulu, za timu ya m'chigawo chanu chomwecho, Kansas City Chiefs. Pa 7 February 2021 inakumana ndi Tampa Bay Buccaneers mu Super Bowl ya nambala 55, masewero omaliza olimbirana chikho cha NFL, mumzinda wa Tampa. Inapita ili ndi chikho cha chaka chapitacho m'manja, ili ndi quarterback Patrick Mahomes amene anthu ankati sagwirika. Inabwerako itakwapulidwa 31 kwa 9, yopanda touchdown, chigoli chachikulu cha masewerawa, ndi imodzi yomwe. Owerengetsa anapeza kuti Mahomes anapanikizidwa maulendo 29, zomwe zinali zisanachitikepo mu Super Bowl, ndipo pothawathawa asanaponye anathamanga mayadi 497, pafupifupi theka la kilomita, chala chakuphazi chili chovulala. Anagwetsedwa katatu, ndipo mipira yake iwiri inawakhidwa ndi adani.

Anthu ambiri usiku umenewo anachita za mkamwini. Analoza ma tackle awiri, Mike Remmers kumanzere ndi Andrew Wylie kumanja, poti ndiwo ankaoneka akuthamangira misana ya Shaquil Barrett ndi Jason Pierre-Paul a Tampa Bay. Kulephera analepheradi, palibe angabise. Remmers yemweyo tsiku la 7 February ayenera kuti amadzuka mochedwa, chifukwa pa 7 February 2016, ali ku Carolina Panthers, ndiye anayang'anizana ndi Von Miller wa Denver Broncos mu Super Bowl ya nambala 50, ndipo Miller anatuluka ali katswiri wa masewerowo. Koma tabwerera m'mbuyo uone mmene awiriwa anafikira pamalo amenewo. Nyengo ya masewero ya 2020 isanayambe, guard wa Chiefs Laurent Duvernay-Tardif, amene ndi dokotala, anasankha kusasewera kuti akathandize kumalo osamalira okalamba kwawo ku Canada pa nthawi ya Covid-19. Ameneyo ndiye mkamwini, koma tisiye. Mu October guard wina, Kelechi Osemele, anavulala mawondo onse awiri, ndipo tackle wakumanja, Mitchell Schwartz, anagwidwa msana. Kutatsala masabata awiri kuti Super Bowl ichitike, left tackle Eric Fisher anaduka mtsempha wa chidendene posewera ndi Buffalo Bills. Ndiye anayamba kusamutsana. Remmers anachoka kumanja kupita kumanzere, Wylie anachoka pa guard kupita pa tackle, ndipo pa asanu amene anayamba chaka, wotsala pamalo ake anali center yekha, Austin Reiter. Munthu wozolowera kumanja ukamuika kumanzere, phazi lotsogola limasintha, dzanja loyamba kugunda limasintha, ndipo mnzake wopatsirana naye ma twist ndi mlendo.

Tsidya linalo kunali Todd Bowles, kochi wa otchinjiriza a Tampa Bay, amene anali ndi bala. Mu November 2020 matimu omwewa atakumana, Tyreek Hill wa Chiefs anawakha mipira ya mayadi 269, ndipo 203 mwa amenewo anawapeza m'gawo loyamba lokha mwa magawo anayi a masewerowo. Bowles analumbira kuti zisachitikenso. Anaika otchinjiriza awiri otchedwa safety kutali kumbuyo kuti atseke mipira italiitali, blitz anangoigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, ndipo kusaka Mahomes anakusiyira anthu anayi a kutsogolo, kuphatikizapo Ndamukong Suh ndi Vita Vea pakati. Ena 7 otsalawo ankalondera owakha. Mahomes akadzutsa maso ankapeza aliyense ali ndi mlonda, n'kusunga mpira, ndipo ma tackle obwereka aja ankayenera kutchinga nthawi yoposa mphamvu zawo. Mantha atamulowa anayambanso kubwerera kutali kwambiri ndi kuthawa ngakhale pomwe mpata unalipo.

Nanga Andy Reid, kochi wamkulu wa Chiefs, anawathandiza bwanji ana akewo? Njira zilipo. Ukhoza kusiya tight end kapena running back kuti atchinge nawo, kapena kuwauza kuti asanapite kukawakha ayambe amugunda paphewa mdani wakunsonga, zomwe amati chip. Ukhozanso kuchulutsa mipira yaifupi yofulumira ndi yothamanga nayo pansi kuti adani asamangobwera mosaopa kanthu. Koma pa maulendo oposa 9 mwa 10 alionse amene Mahomes anabwerera kuti aponye, otchinga anali asanu okhawo, opanda wowapepuza. Ndiye mlanduwu ugawe wekha: kuvulala kuli ndi gawo lake, Bowles lake, Reid lake, Mahomes lake, owakha amene anagwetsa mipira yowagunda pachisoti lawonso, ndipo ma tackle lawo. Foni ya mkamwini ikanakhalako ikanabwera ndi mayina awiri okha.

Chotsatira chake ndicho ndimachikonda. Chiefs inamasula Fisher ndi Schwartz, inagula Joe Thuney, inatenga Orlando Brown Jr. ku Baltimore Ravens, n'kusankha anyamata awiri ochokera kukoleji, Creed Humphrey ndi Trey Smith. Pa 12 February 2023 inabwereranso mu Super Bowl kukakumana ndi Philadelphia Eagles, timu yomwe chaka chimenecho inali itagwetsa ma quarterback maulendo 70. Mahomes sanagwetsedwe ndi kamodzi komwe, ndipo Chiefs inapambana 38 kwa 35. Woima pa tackle yakumanja tsiku limenelo anali Andrew Wylie yemwe uja, amene anthu anamunyoza zaka ziwiri m'mbuyomo. Munthu ndi yemweyo, koma tsopano anali atazolowera malo, ali ndi mnzake wodziwana naye pambali, ndipo mpira unkachoka msanga. Bwalo linalinso loterera, a Philadelphia amadandaulabe. Koma iwo anabweza chipongwe pa 9 February 2025 ku New Orleans, pomwe anagwetsa Mahomes maulendo 6 osachita blitz ndi imodzi yomwe, n'kupambana 40 kwa 22. Ulendo umenewo Chiefs inali itasowanso left tackle wodalirika, n'kusamutsira kumeneko Thuney, katswiri wa pa guard. Mpira wina womwe adani anawakha unasokonekera chifukwa Josh Sweat anakankha Thuney mpaka kukamugunditsa Mahomes akuponya. Thuney ndi mmodzi mwa otchinga abwino kwambiri a m'badwo wake, ndipo kumanzereko kunamuchititsa manyazi. Mdzukulu wanga ali ndi zaka 16.

Usaganize kuti ndikumuyeretsa kotheratu. Pa katatu kaja, mwina kamodzi kapena kawiri munthu analidi wake. Uzizindikira motere. Mpira ukangoyenda, ona phazi lake loyamba. Akaponda mkati limodzi ndi anzake onse, imeneyo ndi slide, fufuza running back. Akabwerera m'mbuyo chakunja kukakumana ndi mdani maso ndi maso, ameneyo ndi wake, ndipo chochitika pamenepo ndi cha awiriwo. Mdani akhoza kumuzungulira ndi liwiro, zomwe zimachitika mwana akachedwa kunyamuka kapena akatembenuza mapewa msanga. Akhoza kumukankha pachifuwa mpaka kumukhazika pamiyendo ya quarterback, zomwe zimachitika mwana akaima njo m'malo mopinda mawondo, kapena akalola mdani kuyamba kumugwira pachifuwa. Kapena akhoza kunamizira kunja n'kukhotera mkati, ndipo izi zimagwera mwana amene, poopa kuzunguliridwa, wathamangira kunja mopitirira. Ana a msinkhu umenewu ambiri amatsogoza mutu, mapazi n'kuima, ndiye mdani amangowakoka n'kudutsa. Zonsezi zimakonzeka. Amazikonza kochi pabwalo, phazi ndi phazi, kubwereza mpaka thupi lizolowere.

Kukalipa ndiye sikukonza kanthu, kumangoonjezera. Mwana wokalipiridwa amalowa m'bwalo akuopa kudutsidwa. Amanyamuka mpira usanayende, timu n'kulangidwa mayadi 5. Kapena amakumbatira mdani, mayadi 10. Kapena amasiya mpata wake kuthamangira munthu amene si wake kuti bambo m'masitandi asakwiye. Ndipo taganiza masamu a ntchitoyi. Timu ikaponya maulendo 30, tackle n'kugonja kawiri, ndiye kuti wapambana maulendo 28. Mdani amene wapambana kawiri kokhako amapita kwawo ali ngwazi. Maulendo 28 aja mkamwini anawajambulanso, ali m'foni momwemo, koma chala cha nsima sichiimapo.

Ndiye uchite izi, mwana wanga. Foni ichoke patebulo. Nsima siidyera limodzi ndi milandu, ndipo lamulo limeneli uliike ndiwe, poti wophika ndiwe. Ukatero upeze nthawi imene mkamwini akhuta ndipo mtima uli m'malo, osati pamaso pa ana, uwauze kuti iwe masewerawa sukuwamvetsa ndipo ukufuna mwana akuphunzitseni nonse awiri. Ukanena kuti iwo ndiwo sakuwamvetsa, mudzafika Khirisimasi musakulankhulana. Mwanayo abwere ndi vidiyo ya kusukulu, foni agwire iyeyo, ndipo bambo aloledwe funso limodzi lokha pa sewero lililonse: munthu wako anali uti? Akayankha, muonere limodzi ngati anamugwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Udzadabwa kuti mwana amene amati wamwano adzayamba yekha kuloza pomwe anaphonya, chifukwa ana a mzere umenewu amadziwa zolakwa zawo kuposa aliyense, ndipo Lolemba amakhala ataziona kale pamaso pa anzawo onse. Ngati mkamwini sakhutirabe, apite kwa kochi wa offensive line akafunse mwaulemu. Ndi yekhayo amene akudziwa chomwe chinaitanidwa pa sewero lililonse. Koma apite kukamva, asakatenge choko.

Zosiyazo usavomere sabata ino. Mwana sakuthawa mpira, akuthawa tebulo. Muuze amalize chaka chino, ndipo akadzafunabe kusiya m'nyumba muli bata, udzamulole, chifukwa thupi logundidwalo ndi lake. Pali chinthu chimodzi chokha chomwe sindichita nacho nthabwala, ndicho mutu. Otchingawa amagundana zisoti pafupifupi pa sewero lililonse. Akadzabwera akudandaula mutu, chizungulire, nseru, kuiwalaiwala kapena kudana ndi kuwala, asalowenso m'bwalo mpaka dokotala atamuona. Zigawo zonse 50 za America zili ndi malamulo oteteza ana pa nkhani imeneyi, choncho usaope kuuza kochi, ndipo pamenepo usafunse chilolezo kwa mkamwini.

Za ufa ndiye pepa, ndilibe mankhwala. Unabereka left tackle, sunabereke mlembi. Umuonjezere nyemba, mazira ndi masamba kuti asamangodzaza nsima yokha, ndipo bilu yake uzipereka kwa kochi wa patebulo uja. Lachisanu likubwerali ukapita kubwalo, mpira uwasiyire ena, iwe uyang'ane mapazi a mwana wako kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ukandilembere kuti anamudutsa ndi angati.

Ndine Azakhali ako